Kusankha zipangizo zoyezera madzi m'thanki yanu yoyamba ya makorali

Madzi a m'thanki amadziwa kubisa. Mumadzuka m'mawa n'kuwapeza ali mbee, nsomba zikusambira mwamtendere, makorali, tinyama ta m'nyanja zamchere tokhala pa miyala ngati zomera, atatambasula timanja tawo, chonsecho mkati mwa madziwo zinthu zinayamba kale kupendekeka. Tsiku loti diso lione vutolo likamafika, korali amakhala atayamba kusupuka mnofu n'kutsala chigoba choyera, ndipo akafika pamenepo kawirikawiri sabwereranso. Chakudza sichiimba ng'oma. N'chifukwa chake aliyense woweta makorali amakhala ndi timabotolo, masirinji ndi kabuku pafupi ndi thanki, pakuti amenewo ndiwo maso ake enieni.

Ine ndinayambira pa mbuna, nsomba zokongola za m'matanthwe a nyanja ya Malawi zija, zomwe anthu amaweta m'mathanki padziko lonse. Mbuna n'zopirira. Mukazipatsa madzi aukhondo, miyala yobisalamo ndi chakudya choyenera, zimakukhululukirani zolakwa zambiri. Nditayamba za madzi amchere ndinapeza kuti kuno nyanja mumaikonza nokha m'ndowa, kuchokera ku mchere wa m'thumba, ndipo zamoyo zomwe mukuikamo zinazolowera nyanja yaikulu imene madzi ake sasinthasintha. Tsiku loyamba ndinagula bokosi lalikulu la zoyezera zosiyanasiyana, ndikuti basi ndathana nazo. Mabotolo ambiri anatha mphamvu ndisanawatsegule n'komwe, pomwe choyezera chimene ndinkachifuna tsiku ndi tsiku chinali chongoyerekeza. Sindikufuna kuti inunso mudutse njira imeneyo. Gulani zoyezera motsatana ndi mmene thanki ikukulira, ndipo musaumire ndalama pa ziwiri izi: choyezera mchere ndi choyezera alkalinity, yemwe ndi muyezo wa carbonate womangira chigoba cha korali.

Gawo loyamba: dziwani kaye zomwe mudzaikemo

Musanalowe m'sitolo, khalani pansi muganize za makorali amene mukufuna. Alipo ofewa, monga zoanthid, mushroom ndi leather, omwe alibe chigoba cholimba. Amenewa satenga zambiri m'madzi, ndipo kusintha gawo la madzi milungu iwiri iliyonse kumabwezera zomwe achotsa. Alipo ena omanga chigoba cha mwala wa calcium carbonate. Ena mwa iwo ndi amnofu waukulu, omwe m'sitolo amawatcha LPS, ndipo ena ndi a nthambi zokhala ndi timilomo ting'onoting'ono, otchedwa SPS, monga Acropora. Omanga chigobawa amayamwa kashiamu ndi carbonate m'madzi usana ndi usiku, ndipo Acropora sachedwa kudwala madzi akasintha mwadzidzidzi.

Ngati chaka choyamba mukufuna ofewa okha ndi nsomba ziwiri kapena zitatu, zomwe ndikulangiza aliyense woyamba, mndandanda wa zogula zanu ndi waufupi. Ngati mtima wanu uli pa a nthambi, konzekerani kuyeza pafupipafupi komanso ndi zida zolondola kwambiri.

Gawo lachiwiri: zogula musanathire dontho ndi limodzi lomwe

Choyamba ndi choyezera mchere. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse. Pa zida mudzaona zitalembedwa kuti 35 ppt, kapena 1.026 pa sikelo ina yofananitsa kulemera kwa madzi amchere ndi opanda mchere. Nambala imeneyi ndiyo mukuisaka, ndipo 1.025 ilinso bwino.

M'sitolo mudzapeza mitundu iwiri yotchuka. Wina ndi kabokosi kapulasitiki kokhala ndi muvi woyandama, kotchedwa hydrometer. N'kotchipa, koma tithovu ta mpweya tikamatirira pa muviwo timaukweza, ndipo mchere ukaumirapo muvi umalemera. Mapeto ake lero kakuuzani china, mawa china, pa madzi omwewo. Wina ndi refractometer, kachida kooneka ngati kachitoliro kosuzumiramo. Mumadonthezera madontho awiri kapena atatu pa galasi lake, kutseka kachivindikiro, kudikira masekondi 30 kuti madziwo afanane kutentha ndi chidacho, kenako n'kusuzumira moyang'ana kowala. Mumawerenga pamene buluu wakumana ndi zoyera. Tengani chimenechi, ndipo chikhale cholembedwa ATC, kutanthauza kuti chimadzikonza chokha kutentha kukasintha.

Koma refractometer musaigule yokha. Gulaninso kabotolo ka madzi oichunira, a 35 ppt enieni. Chifukwa chake n'chakuti ma refractometer ambiri otchipa anapangidwira madzi a mchere wa kukhitchini, ndipo madzi a m'nyanja amapinda kuwala mosiyana pang'ono. Mukachuna chida chotere pa ziro ndi madzi opanda mchere, chidzakuonetsani 35 pomwe madzi anu ali pafupi ndi 33.5. Mukachichuna ndi madzi a 35 ppt, chimalondola ndendende pamalo pamene mukugwirapo ntchito. Kasikuluwu kochunira kamasuntha chida chikagwa kapena nyengo ikasintha, choncho muziyang'ana kamodzi pa mlungu. Ntchitoyi sitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndikuikira mtima pa mchere chifukwa manambala ena onse amatsatira iwo. Tiyerekeze kuti mchere wanu umapereka kashiamu 420 ppm (magawo pa miliyoni) ndi magnesium 1290 ppm mukausungunula pa 35 ppt. Mukausungunula pa 32 ppt osadziwa, kashiamu agwera pa 384 ndipo magnesium pa 1180. Inu mukayeza mudzati mcherewo ndi wachabe, n'kuyamba kuthira mankhwala owonjezera kashiamu ndi magnesium, pomwe chimene chasowa ndi mchere wokha basi. Kumbukiraninso kuti madzi akamachepa ndi nthunzi, mchere umatsala m'thanki. Obwezerapo akhale madzi opanda mchere nthawi zonse.

Chachiwiri ndi choyezera kutentha. Makorali amakondwa pakati pa madigiri 24 ndi 26. Khalani ndi ziwiri, china chamagetsi china chagalasi, kuti chimodzi chikanama chinzake chikuuzeni. M'miyezi yotentha muzichiyang'ana masana, pamene nyumba yafunda ndipo nyale za thanki zayaka.

Chachitatu ndi kachida kooneka ngati cholembera kotchedwa TDS meter, koyezera zosungunuka m'madzi opanda mchere. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amatha kukhala abwino kumwa koma odzaza nitrate, phosphate, silicate ngakhale kopa wa m'mapaipi. Oweta makorali amagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, ndipo madzi amenewa ayenera kuonetsa 0. Kaya mukusefa nokha kaya mukugula, viikani kachidako m'ndowa musanathire mchere. Nambala ikayamba kukwera, sefa yatopa. M'madzi amchere kachidaka kalibe ntchito.

Gawo lachitatu: zoyezera za milungu yoyambirira

Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya owononga zonyansa. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Mpaka magulu awiriwa atakhazikika m'miyala ndi mumchenga, thanki siyingasunge chamoyo. Nthawi zambiri zimatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, ndipo zimachedwerako ngati mwayamba ndi miyala youma.

Pano mukufunika zoyezera zitatu: amoniya, nitrite ndi nitrate. Nazi nkhani zokoma kwa thumba lanu: pa gawo lino zotchipa zikwanira. Funso lomwe mukufunsa madzi ndi loti kodi amoniya alipo kapena watha, ndipo funso lotere silifuna chida chodula.

Pa amoniya, werengani bokosi muone njira yomwe chimagwiritsa ntchito. Sankhani cha salicylate, chimene mtundu wake umayambira pa chikasu n'kumka ku wobiriwira. Cha Nessler, chomwe chimayambira pa chikasu n'kumka ku bulawuni, chimachita mbuu m'madzi amchere moti simungawerenge bwino, komanso mankhwala ake ali ndi mercury. Dziwaninso kuti zoyezera zina za salicylate zimakonda kuonetsa kobiriwira pang'ono, ngati 0.25 ppm, ngakhale m'thanki yokhazikika kalekale. Njira yodziwira ndi yosavuta: yezani madzi amchere omwe mwangosungunula kumene, muike kabotoloko pafupi ndi ka m'thanki. Mitundu ikafanana, amoniya palibe.

Kayezedwe kake n'kotere. Thirani ammonium chloride mpaka amoniya afike pafupifupi 2 ppm, pamodzi ndi mabakiteriya a m'botolo kapena mwala wochokera m'thanki yakale yathanzi. Yezani masiku awiri kapena atatu aliwonse. Mudzaona amoniya akutsika, nitrite akukwera, kenako nayenso n'kutsika. Zonse zikafika pa ziro, thiraninso amoniya pang'ono. Akatha pasanathe maola 24, thanki yakonzeka kulandira nsomba yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuno mwambiwu ndi weniweni: nkhono zodya ndere zomwe mudzaikemo sizidzatulutsa mutu m'madzi omwe simunawadikire.

Nitrite sapweteka nsomba za m'madzi amchere ngati mmene amachitira ndi mbuna, chifukwa chloride wochuluka wa mumchere amamutchinga kulowa m'makha. Komabe choyezera chake n'chofunika pa chifukwa china. Zoyezera nitrate zambiri zimayamba zasandutsa nitrate kukhala nitrite, kenako n'kuyeza nitriteyo. Ngati m'madzi muli kale nitrite, nambala ya nitrate imatuluka yaikulu mochititsa mantha. Ambiri ataya madzi abwino pa chifukwa chimenechi. Musakhulupirire nambala ya nitrate mpaka nitrite atatheratu.

Amoniya ndiye woopsa, ndipo poizoni wake amakula pH ikakwera (pH ndi nambala yosonyeza asidi wa m'madzi: ikakwera ndiye kuti asidi wachepa). Madzi a m'thanki ya makorali amakhala pa pH ya 8 kapena kupitirira pang'ono, choncho amoniya wochepa amene nsomba ingapirire m'madzi a pH yotsika kuno amatha kupha. Milungu yoyambirira ikadutsa, choyezera nitrite mutha kupatsa mnzanu amene akuyamba kumene, koma cha amoniya chisungeni. Mudzachifuna tsiku limene nsomba yasowa m'miyala osaonekanso, kapena magetsi atazima maola ambiri pampu n'kuima.

Kwa amene muli kale ndi zoyezera za thanki ya mbuna: musangozisamutsa osawerenga. Zina zimagwira m'madzi onse awiri koma khadi la mitundu limasiyana, ndipo muyenera kukhala ndi la madzi amchere. Choyezera GH, cha kashiamu ndi magnesium m'madzi opanda mchere, chilibe ntchito kuno. Timapepala tongoviika m'madzi tija ndi tabwino pongosuzumira, koma simungayendetsere makorali.

Gawo lachinayi: alkalinity, musanagule korali woyamba

Apa ndiye pagona nkhani. Alkalinity ndi muyezo wa bicarbonate ndi carbonate m'madzi, zomwe korali amaphatikiza ndi kashiamu pomanga chigoba, komanso zomwe zimagwira pH kuti isagwe. Amawerengedwa mu dKH, ndipo madzi a m'nyanja zamchere amakhala ndi pafupifupi 7 dKH. Oweta makorali amasunga pakati pa 7 ndi 11, ndipo ambiri amakhazikika pa 8 kapena 9. Nambala yeniyeniyo si nkhani yaikulu malinga ili m'malire amenewa. Chomwe chimapha ndi kudumphadumpha, lero 7 mkuja 10.

N'chifukwa chiyani alkalinity ndiye woyenera kumulondalonda, osati kashiamu? Yankho lili m'masamu. Makorali akamamanga chigoba, pa 1 dKH iliyonse yomwe achotsa amachotsanso kashiamu pafupifupi 7 ppm. Thanki ikachoka pa 8 kufika pa 7 dKH, yataya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a nkhokwe yake. Nthawi yomweyo kashiamu wangochoka pa 420 kufika pa 413, kusintha komwe zoyezera zambiri sizingakuone n'komwe. Alkalinity ndiye nkhokwe yaing'ono, yotha msanga, ndipo ndi amene amayamba kukuuzani kuti makorali ayamba kukula kapena asiya.

Zoyezera zake zilipo za mitundu itatu. Chotchipa kwambiri n'chowerenga madontho: dontho lililonse ndi 1 dKH, ndipo mumadontheza mpaka mtundu utasintha. Chimenechi n'chimene chinali m'bokosi langa lija. Vuto lake n'lakuti 7.1 ndi 7.9 chimazitcha nambala imodzi, choncho simungaone kutsika kwa tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri n'chogwiritsa ntchito sirinji ya 1 ml, monga za makampani a Salifert kapena Red Sea. Pa cha Salifert mumatunga madzi 4 ml, kudonthezamo madontho anayi a mankhwala osintha mtundu, kenako n'kumathira asidi wa m'sirinji pang'onopang'ono mukugwedeza, mpaka buluu atasanduka pinki kapena olenji. Mumawerenga zomwe zatsala m'sirinji n'kuyang'ana pa tebulo la m'bokosi. Njira imeneyi imaona kusintha kwa 0.2 kapena 0.3 dKH, ndipo kwa woyamba ndi yomwe ndimalangiza: mtengo wake ndi wofikirika, ndipo kusintha kwa mtundu kumaoneka poyera.

Chachitatu ndi kamakina ka batire, monga Hanna HI772. Mumathira madzi 10 ml m'kabotolo kagalasi, kukaika m'makina kuti aone madzi opanda mankhwala, kuthiramo mankhwala 1 ml, kubwezeramo, ndipo nambala imatuluka pa sikirini. Kamadula pogula koyamba ndipo mankhwala ake amafuna kugula mobwerezabwereza, koma kamachotsa mkangano wa diso. Ngati mumavutika kusiyanitsa mitundu, makamaka yofiira ndi yobiriwira, musazengereze, tengani kamakinaka.

Samalani ndi miyezo. Mabokosi ena amalemba dKH, ena meq/L, ena ppm. 1 meq/L ndi 2.8 dKH, komanso ndi 50 ppm. Munthu woona 3 pa chida cha meq/L n'kuganiza kuti ndi dKH adzathira mankhwala mpaka kupsereza thanki, pomwe 3 meq/L ndi 8.4 dKH, nambala yabwinobwino.

Mukagula, chitani izi. Yezani Lolemba madzulo, musathire chilichonse, muyezenso Lachinayi ola lomwelo. Ngati munapeza 8.4 ndipo tsopano ndi 7.5, thanki yanu ikudya 0.3 dKH pa tsiku. Nambala imeneyi ndiyo idzakuuzeni ngati kusintha madzi kukukwanira kapena nthawi yowonjezera mankhwala yakwana, komanso mlingo wake. Ngati alkalinity wagwa kwambiri, mukwezeni pang'onopang'ono, osapitirira 1 dKH pa tsiku.

Gawo lachisanu: kashiamu ndi magnesium

Izi zigule pamene mwaika korali woyamba wa chigoba, kapena pamene ndere zolimba zapinki ndi zofiirira, zotchedwa coralline, zayamba kufalikira pa miyala. Kashiamu akhale pakati pa 380 ndi 450 ppm, magnesium pakati pa 1250 ndi 1400. Zoyezera za sirinji zikwanira pa zonse ziwiri. Kashiamu muziyeza kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri, magnesium kamodzi pa mwezi.

Magnesium amayenda pang'onopang'ono, koma ntchito yake ndi yaikulu: amaletsa kashiamu ndi carbonate kugwirana msanga n'kusanduka choko. Mukaona kuti mukuthira mankhwala koma manambala sakukwera, ndipo pa hita ndi pa pampu pakumera zoyera zolimba, yezani mchere kaye, kenako magnesium.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: nitrate ndi phosphate, koma tsopano molondola

Choyezera nitrate chomwe munagula poyamba mwina chimadumpha kuchoka pa 0 kupita pa 5, 10, 20, 40. Makorali akalowa, malo amene mukufuna kuwaona bwino ndi apakati pa 2 ndi 10 ppm. Fufuzani chomwe khadi lake lili ndi masitepe ang'onoang'ono kumunsi kuno. Onaninso ngati chikuwerenga NO3 (nitrate yense) kapena NO3-N (nitrogen yekha wa mu nitrate). Chikakhala chachiwirichi, chulukitsani ndi 4.4 kuti mupeze nitrate weniweni. Mankhwala ena a nitrate ali ndi ufa womwe umakhazikika pansi pa botolo, ndipo bokosi likati gwedezani masekondi 30, gwedezanidi mwamphamvu mukuyang'ana wotchi. Mukanyalanyaza, nambala imatuluka yotsika.

Phosphate ndiye amavuta diso. Mlingo wofunika uli pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm, ndipo pa khadi la mitundu kusiyana kwa manambala amenewa ndi kabuluu kosaoneka bwino ngakhale masana. Ngati pali kamakina kamodzi kokha komwe mungakwanitse, kakhale ka phosphate, ndipo kakhale kolembedwa ULR, koyezera milingo yotsikitsitsa. Hanna ali ndi tiwiri totchuka. HI774 imaonetsa phosphate mu ppm. HI736 imaonetsa phosphorus mu ppb (magawo pa biliyoni), ndipo kuti mupeze phosphate mumachulukitsa ndi 3.066 n'kugawa ndi 1000. Choncho 10 pa HI736 ndi pafupifupi 0.03 ppm, ndipo 33 ndi pafupifupi 0.1. Woyamba atenge yoonetsa ppm, apewe masamu.

Musathamangire ziro. Mkati mwa mnofu wa korali mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimamupatsa chakudya chochokera ku kuwala, ndipo nazo zimafuna nitrate ndi phosphate pang'ono. Zonse zikatheratu makorali amatuwa, ndipo nthawi zambiri pamabwera tizamoyo totchedwa dinoflagellates, tooneka ngati mamina abulawuni okhala ndi thovu, tovuta kuchotsa kuposa ndere wamba. Palinso msampha wina. Thanki itadzaza ndere zobiriwira, choyezera chimatha kuonetsa ziro chifukwa nderezo zikuyamwa phosphate asanafike m'kabotolo kanu. Pamenepo khulupirirani ndere.

Zomwe mungasiye pa shelefu

Choyezera pH cha madontho sichikuuzani zambiri. Mchere ndi alkalinity zikakhala bwino, pH imakhala pakati pa 7.8 ndi 8.4, ndipo ikatsika kawirikawiri chifukwa chake ndi mpweya woipa wa m'chipinda chotsekedwa. Tsegulani zenera. Choyezera kopa n'cha thanki yapadera yochizira nsomba, chifukwa kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Za iodine, strontium ndi potassium zisiyeni chaka choyamba, ndipo musathire mankhwala omwe simungathe kuwayeza.

Thanki ikafika miyezi isanu ndi umodzi, kapena makorali akamafa manambala anu onse ali bwino, pali njira ya ICP. Mumadzaza timabotolo n'kutumiza ku labotale, monga za Triton, ATI kapena Fauna Marin za ku Germany, ndipo amakuyezerani zinthu zambirimbiri kuphatikizapo zitsulo monga kopa, zinc ndi aluminium. Ndi mmene anthu amatulukira maginito ochita dzimbiri obisika m'pampu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mmene mungawerengere bokosi m'sitolo

Tembenuzani bokosi muyang'ane tsiku lothera mphamvu musanayang'ane mtengo. Kenako onani ngati lalembedwa kuti ndi la madzi amchere, malire a zomwe limayeza, kukula kwa masitepe ake, ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mungayeze. Gawani mtengo ndi maulendowo. Bokosi looneka lodula nthawi zina ndilo lotchipa pa ulendo umodzi.

Funsani ngati mankhwala owonjezera amapezeka paokha. Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena London mudzawapeza mosavuta. Amene muli kutali ndi masitolo otere, moti mumadalira kuitanitsa kapena wachibale wobwera pa basi, sankhani zoyezera za kampani imodzi zomwe mukudziwa kuti mudzazipezanso, ndipo muitanitse botolo latsopano lakale likadali ndi kotala. Kusinthasintha makampani kumasokoneza kabuku kanu, chifukwa zoyezera ziwiri zabwino zimatha kusiyana ndi theka la dKH pa madzi amodzimodzi. Musaunjikenso mabotolo a zaka zitatu, poti mankhwala akatsegulidwa amayamba kufooka. Asungeni pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi ana. Kabati ya pansi pa thanki ndi yachinyezi ndi yofunda, si malo ake.

Gawo lachisanu ndi chitatu: dzanja loyeza

Choyezera chabwino m'dzanja losasamala chimanama ngati chotchipa. Tsukani kabotolo ndi madzi a m'thanki musanayeze, ndipo mukamaliza katsukeni ndi madzi a RO/DI, osati ndi sopo. Tungani ndi sirinji, osadalira mzere wa pa kabotolo. Botolo la madontho liimirire chozondoka molunjika kuti madontho afanane kukula. Pa sirinji ya 1 ml yokhala ndi kansonga, kampweya kotsala pansi pa mpira wakuda n'kabwinobwino. Musakatulutse, ingowerengani pa mpirawo. Nthawi yodikira ikakhala mphindi zitatu kapena zisanu, tcherani wotchi ya pa foni.

Musawerenge mitundu pansi pa nyale zabuluu za thanki. Pitani pa zenera masana, kapena pansi pa nyale yoyera, ndipo kumbuyo kwa kabotolo kukhale pepala loyera. Pa timakina, pukutani galasi ndi kansalu kofewa kuti pasakhale zidindo za zala kapena thovu, ndipo kabotolo kalowe moyang'ana mbali imodzimodzi nthawi zonse. Madzi omwe mwayeza atayeni m'sinki, asabwerere m'thanki.

Nambala ikakudabwitsani, musathire kanthu. Yezaninso. Ikabwera yomweyo, yezani madzi omwe mukudziwa yankho lake: kabotolo koyesera komwe makampani ena amagulitsa, kapena mchere wongosungunula pa 35 ppt, n'kufananitsa ndi manambala olembedwa pa chidebe chake. Ine ndinaphunzira izi mowawa. Usiku wina ndinapeza alkalinity ali pa 6, ndinathira mankhwala mwamantha, ndipo m'mawa nsonga za korali wanga wa nthambi zinali zitayera. Vuto linali botolo la asidi lomwe ndinalisiya losatseka bwino kwa milungu, madzi ake n'kuchepa ndi nthunzi, asidiyo n'kukhala wamphamvu kuposa mlingo wake. Madzi a m'thanki analibe cholakwa. Korali uja ndinamulera miyezi isanu ndi itatu, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Gawo lomaliza: kabuku

Gulani kope, lembani tsiku, ola, nambala, ndi chilichonse chomwe mwachita: kusintha madzi, kuika korali watsopano, kusintha chakudya, kuzima kwa magetsi. Kutentha muziyang'ana tsiku lililonse, mchere kawiri pa mlungu komanso m'ndowa iliyonse yatsopano. Alkalinity kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo tsiku lililonse pa mlungu womwe mwayamba kuthira mankhwala kapena mwasintha mlingo. Nitrate ndi phosphate kamodzi pa mlungu, musanadyetse nsomba. Pa alkalinity sungani ola limodzimodzi, chifukwa makorali amamanga chigoba kwambiri nyale zikayaka, moti nambala ya m'mawa ndi ya usiku zimasiyana.

Tsiku lotsegula botolo latsopano la mankhwala, lembani detilo pa chivindikiro, ndipo yezani madzi omwewo kawiri, ndi lakale komanso ndi latsopano. Zikasiyana, lembani kusiyanako m'kope n'kujambula mzere pansi pake, kuti mwezi wamawa musadzayese kuti thanki ndiyo inasintha.